Namwino si dzanja la dokotala

Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino, tinali ndi agogo ena aamuna pa bedi lakumapeto kwa wodi, pafupi ndi zenera. Anawagoneka chifukwa cha chibayo. Anali a zaka za m'ma 80, ochokera ku Mabvuku, ndipo masana ankalankhula Chishona chosalala ngati wina aliyense wa mumzinda uno wa Harare. Itakwana cha m'ma 1 koloko usiku anayamba kuvuta. Ankakoka zofunda, kufuna kutsika pabedi, n'kumabwereza mawu amene anzanga sankawamva. Liwu limodzi lokha ndi limene ankalitola: madzi. Ndiye ankawabweretsera kapu ya madzi, agogo n'kuikankha. Kubweretsa ina, kuikankhanso. Mu lipoti munali mutalembedwa kale kuti wodwalayu mutu wasokonekera.

Nditasendera pafupi ndinamva bwinobwino. Ankati, "Ndifuna kutaya madzi." Kutentha kwa thupi kunali kutathamangitsa Chishona chonse, kunangotsala Chichewa cha ku Dedza chimene anabwera nacho ali mnyamata. Ndinawerama n'kufunsa kuti, "Agogo, mwataya madzi liti komaliza?" Anasiya kukoka chofunda, nandiyang'anitsitsa. "Iwe mwana, kodi ndiwe wakwathu? Chiyambire dzulo sakutuluka." Nditagwira m'munsi mwa mchombo, chikhodzodzo chinali gwa ngati mpira wopopa. Ndinathamangira kwa asisita oyang'anira wodi, iwo n'kudziwitsa dokotala wa usikuwo. Kachubu kotulutsira mkodzo katalowa, thumba linadzaza tikuona, ndipo pasanathe theka la ola agogo anali akuliza mkonono.

Mankhwala a chibayo amene dokotala analemba m'mawa anali olondola. Koma dokotala amaima pabedi la wodwala mphindi zowerengeka, n'kupita pa bedi lina. Maola ena onse a tsikulo wodwala amakhala m'manja mwa anamwino, ndipo ntchito yathu imachitika m'maola amenewo.

Ndikulemba izi chifukwa cha funso limene limanditsata kulikonse, kaya ndi kunja kwa tchalitchi tikaweruka, kaya ndi pamaliro ku Mufakose. Makolo amandikokera pambali: "Asisita, mwana wanga angalowe bwanji unamwino?" Ndikafunsa chifukwa chake, ambiri sabisa, amafuna mwanayo adzapite ku UK. Sindiwaweruza, mavuto a kuno tonse tikuwadziwa. Ndiponso ife a Chichewa ntchitoyi sitinaiyambe lero. Cecilia Kadzamira, amene anadzakhala mayi wa fuko ku Malawi m'nthawi ya Kamuzu, anakulira ku Highfield, anaphunzira unamwino mumzinda uno ukadali Salisbury, kenako n'kukagwira ntchito pachipatala cha Dr Banda ku Limbe. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ofunsawo ambiri amaganiza kuti namwino ndi munthu wobaya jakisoni amene dokotala walamula, basi. Mwana wolowa ntchitoyi ndi maganizo amenewo amakhumudwa sabata yoyamba, akamupatsa beseni ndi sopo.

Unamwino monga tikuudziwa lero timauyambira pa Florence Nightingale, amene anabadwa pa 12 May 1820. N'chifukwa chake tsiku la anamwino padziko lonse limakhala pa 12 May. Mu 1854, pa nkhondo ya ku Crimea, anapita ndi anamwino 38 kuchipatala cha asilikali a Britain ku Scutari. Anthu amamukumbukira ndi nyale imene ankayenda nayo usiku, koma ine ndimati akanamujambula ndi tsache ndi buku la ziwerengero. Anapeza kuti asilikali ochuluka sankafa ndi mabala a zipolopolo. Ankafa ndi kamwazi, kolera ndi taifodi, matenda amene ankafala m'chipatala momwemo chifukwa cha uve, zimbudzi zotsekeka, ndi kuthithikana. Imfa zinatsika kwambiri mu 1855 boma litatumiza gulu lokakonza ngalande za zonyansa ndi kulowetsa mpweya m'mawodi. Atabwerera kwawo anasanthula ziwerengerozo, nazijambula m'zithunzi zoti nduna zomwe sizikonda masamu zimve. Mu 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa St Thomas' Hospital ku London.

Mfundo yake inali yakuti thupi limadzichiza lokha likapatsidwa mpata, ndipo ntchito ya namwino ndi kukonza mpatawo: mpweya wabwino, madzi oyera, kuwala, bata, chakudya, ukhondo. Zikumveka ngati nzeru za agogo aakazi, koma aliyense amene anakhala ku Budiriro kapena ku Glen View m'nyengo ya kolera akudziwa kuti nkhaniyi sinakalambe.

Amene anafotokoza bwino kwambiri chimene chimasiyanitsa namwino ndi ena onse ogwira ntchito m'chipatala ndi Virginia Henderson wa ku America, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Anati ntchito ya namwino ndi kuthandiza munthu, wodwala kapena wabwinobwino, kuchita zinthu zimene zimasunga thanzi lake, kapena kumuchiritsa, kapena kumuthandiza kufa mwamtendere, zimene akanadzichitira yekha akanakhala ndi mphamvu, chifuniro kapena chidziwitso. Anawonjezera kuti thandizolo lizichitika m'njira yoti munthuyo abwerere msanga pa kudzidalira. Anatchula zosowa 14 za munthu aliyense, kuyambira kupuma, kudya ndi kumwa, kudzithandiza, kugona, kuvala, kusamba, mpaka kulankhulana ndi ena, kupembedza monga mwa chikhulupiriro chake, ndi kuphunzira.

Taonani zinthu zitatu zija, mphamvu, chifuniro ndi chidziwitso, chifukwa chilichonse chimafuna namwino wa mtundu wake. Bambo wogwidwa ndi sitiroko amene dzanja lake lafa akusowa mphamvu, ndiye timamudyetsa titamukhazika tsonga kuti phala lisalowere ku mapapo. Mtsikana amene wangouzidwa kuti ali ndi HIV ndipo watembenukira kukhoma manja ake ndi abwino, koma chifuniro chamuthawa. Kumudyetsa ndi supuni n'kosathandiza, amafunika wina akhale pansi naye. Mayi wa matenda a shuga amene amabayira insulin pamalo amodzimodzi mpaka pauma ali ndi mphamvu ndi chifuniro chomwe, chimene akusowa ndi munthu womuonetsa. Namwino wosasiyanitsa zitatuzi amachitira odwala onse chinthu chimodzi, ndipo awiri mwa atatu amawaphonya.

Mbali yomaliza ya mawu a Henderson ndi imene imatiyambanitsa ndi achibale. Munthu akachitidwa opareshoni ya pamimba, timamudzutsa tsiku lotsatira kuti ayende pang'ono, akubuula choncho. Achibale akabwera kudzaona wodwala amatiyang'ana ngati anthu opanda chisoni. Koma munthu wongogona magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, makhololo amakhazikika m'mapapo, matumbo amachita ulesi. Bambo wa sitiroko uja, tikaona kuti dzanja lamanzere likugwira, timamupatsa supuni kuti adzidyetse yekha ngakhale theka la phala lithere pamalaya. Akazi awo amafuna kulanda supuniyo, chifukwa kwathu kukonda wodwala ndi kumuchitira zonse. Dorothea Orem, amene analemba za nkhaniyi mu 1971, anaiika motere: namwino alowerere pokhapo pamene munthu akulephera kudzisamalira, ndipo azibwerera m'mbuyo munthuyo akamapeza mphamvu. Kudziwa nthawi yochotsa dzanja n'kovuta kuphunzira kuposa kubaya jakisoni.

M'kalasi amatiphunzitsa kuti nzeru zonse za unamwino zimazungulira pa zinthu zinayi: munthu, thanzi, malo amene munthuyo akukhala, ndi unamwino weniweniwo. Zitatu zinazo sizivuta. Liwu loti munthu ndi limene limabala milandu, chifukwa mabuku ambiri amene timawerenga analembedwa kumayiko kumene munthu amaonedwa ngati ali yekha. Kwathu munthu amabwera kuchipatala ndi mbumba yake yonse, ngakhale mbumbayo itatsala kunyumba.

Ndinaonapo mayi wa zaka zoposa 40 atagwira cholembera pamwamba pa fomu yovomereza opareshoni, n'kuchiikanso pansi. "Ndidikire kaye achimwene, ali ku Kadoma." Mwa malamulo a Zimbabwe, munthu akakwanitsa zaka 18 ndipo mutu wake ukugwira, ndi iye yekha wovomera kapena kukana chithandizo. Safunika chilolezo cha mwamuna wake, cha malume, kapena cha mwini mbumba. Makolo athu omwe ankadziwa zimenezi pamene ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komabe namwino amene angamukalipire mayiyo kuti "thupi ndi lanu, sayinani" sanamumvetse. Mayiyo akuopa kuti zikavuta, ana ake adzatsala ndi mlandu woti anachita zinthu mobisa. Chimene tinachita ndi kumufotokozera momveka kuti chotupacho chingadikire maola angati popanda ngozi, kumupatsa mpata woimba foni, ndi kuonetsetsa kuti mawu omaliza atuluke pakamwa pake. Madeleine Leininger, namwino amene anaphunziranso za chikhalidwe cha anthu, anakhala moyo wake wonse akuphunzitsa kuti chisamaliro chosalabadira mwambo wa wodwala sichifika pamtima. Ndimagwirizana naye, koma ndi malire. Mwambo ukafuna kuti mayi wotaya magazi adikire munthu wochokera kumudzi, namwino amaima ndi wodwalayo.

Kusunga chinsinsi nako kumatipinga mwanjira yathuyathu. A Chichewa mu Harare timadziwana. Wodwala wa pa bedi 6 ndi mlamu wake wa mayi amene mumaimba naye kwaya. Lamlungu adzakufunsani mwaulemu wonse, "Nanga akudwala chiyani kwenikweni?" Yankho ndi limodzi: "Akafunseni eni ake." Adzakuonani ngati wonyada. Koma mukangolankhula kamodzi, mawa munthu wina wa ku Dzivarasekwa adzakwera makombi awiri kukatengera ma ARV kutali kumene sakumudziwa, ndipo tsiku limene adzasowe ndalama yokwerera adzadumphitsa mankhwala. Bungwe la anamwino padziko lonse la International Council of Nurses, lomwe linayamba mu 1899, linalemba malamulo a khalidwe la namwino koyamba mu 1953 ndipo linawakonzanso mu 2021. Limati udindo wa namwino ndi kulimbikitsa thanzi, kupewa matenda, kubwezeretsa thanzi ndi kuchepetsa ululu, ndipo kusunga chinsinsi kuli pakati pa malamulowo.

Tsopano ntchito imene maso a alendo saiona, yomwe kwa ine ndiyo mtima wa unamwino: kuyang'anira. Anthu akaona namwino akuzungulira ndi choyezera kutentha kwa thupi ndi makina a BP amaganiza kuti ndi mwambo chabe wodzaza mapepala. Munthu wamkulu wabwinobwino mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo amapuma ka 12 mpaka 20. Nambala imodzi payokha siuza zambiri, chofunika ndi kumene manambalawo akulowera. Wodwala wochokera ku opareshoni amene mtima wake unali pa 84 nthawi ya 8 koloko, 98 nthawi ya 10 koloko, 112 pakati pa usiku, BP ikadali yabwino, akhoza kukhala akutaya magazi mkati. Thupi limayamba lathamangitsa mtima pofuna kubisa vutolo, ndipo BP imadzagwa mochedwa, nthawi yopulumutsa munthu itatsala pang'ono. Kapumidwe ndiye chizindikiro chimene chimasintha msanga, komanso ndi chimene namwino wotopa amakonda kungolemba 20 osawerenga. Ophunzira anga ndimawauza kuti ndikaona 20 pa mzere wonse wa tchati, ndimadziwa kuti palibe amene anayang'ana chifuwa cha munthuyo.

Kaganizidwe kameneka kali ndi ndondomeko yake. Umayamba wafufuza, pofunsa, poyang'ana ndi pogwira. Kenako umatchula vuto, umakonza chochita, umachita, n'kubwereranso kudzaona ngati zathandiza. Vuto limene namwino amatchula limasiyana ndi la dokotala. Dokotala amati sitiroko. Namwino amati munthuyu sangameze bwino ndiye akhoza kutsamwa, sangadzitembenuze ndiye khungu la pamatako ndi pazidendene libooka, sangalankhule ndiye sadzatiuza akafuna kudzithandiza. Pa chilichonse pali chochita. Timamutembenuza pakatha maola awiri alionse, usana ndi usiku, chifukwa mnofu wopanikizika pakati pa fupa ndi matiresi umasowa magazi n'kufa. Chilonda chotere chimayamba ngati kufiira chabe, pa khungu lakuda chimangooneka ngati pada pang'ono kapena patentha, koma chikakula chimafika pafupa ndipo chimatenga miyezi kuti chipole. Wodwala akatuluka patatha milungu itatu khungu lake lili losalala, palibe amene amathokoza, chifukwa palibe chimene chachitika. Ntchito yambiri ya namwino ndi yotero, imaoneka pokhapokha ikapanda kugwiridwa.

Patricia Benner, namwino wa ku America, analemba mu 1984 kuti namwino amadutsa masitepe asanu kuchoka pa wongoyamba kufika pa katswiri. Wongoyamba amatsata malamulo mzere ndi mzere. Katswiri amaona chithunzi chonse nthawi imodzi. Ndinagwirapo ntchito ndi asisita ena achikulire amene ankangoima pakhomo la wodi n'kunena kuti, "Uyo wa pakona sindikumukonda mmene akuonekera." Ukayeza, manambala onse ali bwino. Pofika m'bandakucha ukuthamanga ndi silinda ya okisijeni. Si ufiti ayi. Ndi zaka 30 zoona nkhope za odwala, mpaka maso amatola kusintha kwa khungu ndi kakhalidwe ubongo usanapeze dzina lake. Anthu otere akachoka m'dziko, sungawalowetse m'malo ndi ophunzira atatu.

Pa mankhwala m'pamene zimaonekera poyera kuti namwino si dzanja la munthu wina. Asanapereke mankhwala alionse amatsimikiza zinthu zisanu: wodwala wake ndi yemweyu, mankhwala ake ndi omwewa, mlingo ndi wolondola, njira yoperekera ndi yolondola, nthawi ndi yake. Dokotala wotopa amene wagwira ntchito usiku wonse akhoza kulemba 5 pamene amafuna 0.5, ndipo kwa khanda la makilogalamu atatu kadontho kameneko ndi moyo. Namwino akabaya osafunsa, sangadzitchinjirize ndi mawu oti "adokotala ndiwo analemba". Amayankha yekha pamaso pa Nurses Council of Zimbabwe, bungwe limene limalembetsa anamwino pansi pa lamulo la Health Professions Act, ndipo lili ndi mphamvu yomulanda chiphaso. Choncho kukana lamulo lokayikitsa, mwaulemu koma mosagwedezeka, ndi gawo la ntchito. Kwa mtsikana woleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, kuimbira dokotala wamkulu 3 koloko usiku n'kunena kuti "mlingo uwu sindiupereka mpaka muuonenso" ndi phiri. Koma wodwala amene ali chikomokere alibe pakamwa pena.

Ndifotokoze mwachidule za mayunifolomu, poti ambiri amangoti aliyense wovala zoyera ndi nesi. Registered General Nurse amaphunzira zaka zitatu, m'sukulu za pazipatala monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, chimene akuluakulu amachitchulabe kuti ku Gomo, kapena amatenga digiri ku yunivesite. Akatero angathe kuwonjezera uzamba, za m'chipinda cha opareshoni, za odwala kwambiri, za maganizo kapena za ana. Primary Care Nurse anayambitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi maphunziro afupiafupi, kuti makiliniki akumidzi asakhale opanda munthu. Nurse aide, amene ambiri amaphunzira kwa miyezi yochepa ku Red Cross kapena ku St John, amathandiza kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala moyang'aniridwa ndi namwino. Ndi ntchito yolemekezeka ndipo wodi singayende popanda iwo, koma si unamwino wolembetsedwa. Makolo azidziwa kusiyana kumeneku asanalipire fizi.

M'makiliniki a khonsolo ya mzinda, ku Mbare, Mabvuku, Kuwadzana, Highfield ndi kwina, namwino ndiye amaona wodwala, kupeza matenda, kulemba mankhwala motsata buku la boma lotchedwa EDLIZ, ndi kusankha woti atumizidwe kuchipatala chachikulu. Ndiye amabaya ana katemera, amapereka njira zolera, amayeza HIV ndi kuyambitsa anthu ma ARV. Popanda kupereka udindo umenewu kwa anamwino, mankhwalawa sakanafika kwa anthu ochuluka chonchi, chifukwa madokotala ndi ochepa. Mzamba pa kiliniki ya amayi oyembekezera ya Edith Opperman ku Mbare amamvetsera mtima wa mwana wosabadwa pakatha theka la ola lililonse mayi akakhala pa matenda, n'kumalemba pa tchati chotchedwa partograph mmene njira ikutsegukira. Mzere ukayamba kupendekera kumene sukuyenera, amadziwa kuti nthawi yoitana ambulansi yakwana. Luso lake lalikulu ndi kudziwa pamene luso lake lathera.

Kolera ya 2008 mpaka 2009 inadwalitsa anthu pafupifupi 100,000 m'dziko muno ndipo oposa 4,000 anamwalira. Inabweranso mwamphamvu mu September 2018 ku Glen View ndi Budiriro. Matendawa mankhwala ake enieni ndi madzi. Munthu amagona pa bedi loboola pakati, chidebe chili pansi, china pambali cha masanzi, ndipo namwino amayeza zotuluka kuti abwezere zomwezo, pakamwa kapena pa dripi. Kupeza mtsempha pa mkono wa munthu wouma ngati chikuni, ndi tochi ya foni magetsi atazima, ndi luso limene ndinaphunzira nthawi imeneyo. Odwala akasamalidwa bwino, omwalira safika mmodzi pa 100 alionse. Mu 2008 anali oposa anayi pa 100, makamaka chifukwa ambiri ankafika mochedwa kapena sankafika n'komwe. N'chifukwa chake namwino ndi mphunzitsinso. Botolo la 750 ml la madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, theka la supuni yaing'ono ya mchere, n'kumamwetsa wodwala muli pa ulendo wa ku kiliniki. Mayi mmodzi akamvetsa zimenezi, mzere wonse wa nyumba umapindula.

Sindingamalize osakhudza chimene ambiri a inu mwakhala mukuganiza chiyambire kuwerenga: "Nanga bwanji anamwino ena ndi amwano chonchi?" Alipo, ndawamva ndi makutu anga akukalipira mayi wobereka, ndipo palibe malipiro ochepa amene angalungamitse zimenezo. Wodwala sanalembe bajeti ya boma. Koma pali zina zimene wodwala saona. Kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake, wofalitsidwa mu 2002 kuchokera m'zipatala 168 za ku Pennsylvania ku America, anapeza kuti wodwala mmodzi aliyense wowonjezeredwa pa namwino amakweza ndi 7 peresenti mpata woti wodwala wa opareshoni amwalire m'masiku 30. Kumeneko ankakambirana za odwala anayi mpaka asanu ndi atatu pa namwino mmodzi. Ine ndagwirapo usiku tili awiri pa wodi yodzaza mpaka m'khonde. Zikatero umasankha. Mankhwala uperekabe, dripi usinthabe, chifukwa zimenezo zimalembedwa ndipo zimafunsidwa. Zimene zimagwa ndi kutembenuza, kutsuka m'kamwa, kufotokozera, kukhala pansi ndi mtsikana uja wotembenukira kukhoma, ndiye kuti zonse zimene Henderson anati ndiwo unamwino. Umapita kunyumba ukudziwa zimene wasiya. Ena mwa ife amauma mtima kuti asamamve kuwawa kumeneko, ndipo kuumako n'kumene inu mumakumana nako pawindo.

Mu April 2018 anamwino atanyanyala ntchito, boma linalengeza kuti lachotsa ntchito onse onyanyalawo, anthu masauzande ambiri, ngakhale kuti pambuyo pake anabwerera. Mu 2023 kunabwera lamulo loletsa ogwira ntchito zachipatala kunyanyala kopitirira maola 72. Chaka chomwecho bungwe la World Health Organization linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri moti mayiko olemera asamakope anthu kumeneko mwadala. Malawi nayo inali pa mndandandawo. Anthu akupitabe. Pa funso loti namwino anyanyale kapena ayi, ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri. Lonjezo lathu limati wodwala patsogolo. Koma namwino wogwira ntchito wopanda magolovesi, wopanda mankhwala ochepetsa ululu, akangokhala chete, kodi akuteteza wodwalayo kapena akuthandiza kubisa vuto? Amene amayankha funsoli mofulumira nthawi zambiri sanagwirepo shifiti ya usiku.

Agogo a ku Mabvuku aja anachira chibayo, koma vuto la mkodzo linali la prostate, kachiwalo ka amuna kamene kakatupa kamatseka njira ya mkodzo, ndipo anayenera kupita kunyumba ndi kachubu kaja podikira tsiku lokaonana ndi madokotala a opareshoni. Panafunika kuphunzitsa munthu wa kunyumba kutsuka pamene kachubu kalowera, kukhuthula thumba, kuliika m'munsi mwa chiuno nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere, ndi kudziwa zizindikiro zoti athamangire ku kiliniki. Amene ankabwera tsiku lililonse ndi chakudya anali mkazi wa mwana wawo. Asisita anati ndimuphunzitse iyeyo. Ndinawapempha kuti tidikire, chifukwa ndinkadziwa kuti mpongozi sangagwire apongozi ake aamuna malo amenewo, ndipo agogowo akanalola kudwala kusiyana n'kumuvulira. Akanangovomera pamaso pathu mwaulemu, kunyumba osachita. Ndinawafunsa eni ake kuti, "Agogo, ndani amene mungamasuke naye?" Anatchula mdzukulu wawo wamwamuna wa Fomu 3. Mnyamatayo anabwera Loweruka atavala yunifolomu ya mpira, manyazi ali tho. Ndinamuonetsa kamodzi, iye n'kuchita kawiri ndikuyang'ana. Kukhuthula thumba agogo anati achita okha, ndipo tinawasiya achite, ngakhale kuti ulendo woyamba theka linathera pa slipasi zawo.